Kompyuta ya Malemu a Saiti

Lachiwiri pa 14 Okutobala 2025, kampani yopanga Windows 10 inasiya kutumiza zokonza ndi zotetezera pulogalamuyo. M'mawa wa tsiku limenelo Khadijah Saiti anatsegula shopu yake yotaipa ndi kusindikiza, kuseri kwa msika wa pa Mwanza Boma, n'kuyatsa kompyuta monga mwa masiku onse. Inayaka. Pagalasi panangobwera uthenga wakuti makinawo sangalandire Windows 11, chifukwa mkati mwake mulibe kachipangizo kena komwe pulogalamu yatsopanoyo imafuna. Khadijah anautseka uthengawo n'kuyamba kutaipa kalata ya dalaivala wa thiraki yopita ku Tete.

Kompyutayo inali ya bambo ake, malemu a Saiti. Anaigula mu 2013 limodzi ndi sikana, makina ojambulira mapepala. Anthu a kwa Nthache ndi a ku Thambani anazolowera kubwera ndi satifiketi, kalata ya munda kapena pepala la ukwati kuti a Saiti awajambulire n'kusunga, poti kunyumba kuli chiswe ndi madenga othonya. Koma a Saiti sankalemba mayina a anthu pa mafayilo. Ankangoika nambala, dzina n'kulilemba m'kope la chikuto chofiira. Atamwalira mu 2021, kopelo silinapezeke. Panatsala mafayilo 3,146 opanda mayina, onse otseguka ndi pulogalamu imodzi yokha, yomwe inabwera pa CD limodzi ndi sikanayo. CD-yo inasowa kalekale.

Lachinayi pa 16 Okutobala kunabwera Natércia Valentim, mayi wogulitsa tomato ku Thambani. Makolo ake anathawira kuno nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Nkhondo itatha, mu 1994, bambo ake anabwerera ku Zobwe kukatenga kalata yotsimikiza kuti munda wa makolo awo ndi wawo. Kalatayo inanyowa n'kuphwasuka mu Malichi 2023, khoma la nyumba litagwa ndi namondwe Freddy. Tsopano asuweni ake a kutsidya anali atalima mundawo, ndipo mlandu unali woti ukambidwe Lolemba pa 10 Novembala.

"Papa ananena kuti papel, kalata ija, ili mu makina a Saiti," anatero Natércia. "Ananena kawiri konse, asanamwalire."

"Anabwera nayo chaka chanji?" anafunsa Khadijah.

"Ndikadadziwa, mana," anatero Natércia, kumutchula mchemwali m'Chipwitikizi. "Ine ndinali kubanja."

"Ikuoneka bwanji?"

"Ya Chipwitikizi, yolemba pamanja. Pansi pali chidindo chozungulira ndi chala cha papa."

Khadijah anayamba tsiku lomwelo, pa fayilo nambala 1. Iliyonse inkatenga mphindi ziwiri kapena zitatu kuti itseguke. Akaiwerenga ankaisunganso ngati PDF, dzina la mwini wake pamwamba, kuti itseguke pa makina alionse.

Loweruka pa 18 Okutobala, cha m'ma teni koloko, mchimwene wake Nabil anatsika minibasi ya ku Blantyre. Nabil amagulitsa mafoni ku Limbe, ndipo shopu ya ku Mwanza bambo awo anasiyira onse awiri. Anabwera ndi bambo wina wodekha, wonyamula chikwama cha laputopu kumsana.

"Asalamu aleikumu, chemwali. Awa ndi a Kinsley, amakonza makompyuta. Chotsa zako pa tebulopo, tikufuna tibwerere ndi ya thuu koloko."

"Waleikumu salamu, achimwene. Mukonza chani? Siinafe."

"Inafa Lachiwiri, iwe sunamve? Wakhalira maliro apa."

A Kinsley anaseka pang'ono n'kufotokoza bwinobwino. Kompyutayo ipitiriza kuyaka, anatero, koma akuba a pa intaneti akapeza polowera patsopano, palibe amene adzatsekepo. Pa shopu yomwe anthu amalembetsera ntchito ndi sukulu pa intaneti, zimenezo si zoseweretsa. Njira yomwe iwo ankaidziwa inali yofufuta zonse n'kukakamiza Windows 11 kuti ilowe.

"Kufufuta zonse?"

"Musadandaule mayi, tiyamba takopera mafayilo pa fulashi."

"Koperani kaye imodzi. Muitsegule pa laputopu yanuyo, ndione."

Nabil anayang'ana wotchi. A Kinsley anakopera fayilo nambala 412, n'kuika fulashi mu laputopu yawo. Anadina. Laputopu inafunsa kuti fayiloyo itsegulidwe ndi pulogalamu iti. Anayesa mapulogalamu anayi. Wachinayi anatulutsa zilembo zosawerengeka, tsamba lonse.

"Eee," anatero a Kinsley. "CD ya sikanayi ilipo?"

"Ikadakhalapo sindikadakuvutitsani."

"Ndiyetu tikafufuta, pulogalamuyi ipita limodzi. Mafayilo mukhala nawo, koma chotsegulira mulibe. Ndikhoza kukafufuza ku Blantyre ngati ingapezeke ina, koma sindikulonjeza."

"Ndiye sitifufuta," anatero Khadijah.

"Iwe, mapepala a anthu amenewa ndi ako?" Nabil anakweza mawu. "Ababa ankachita zachifundo, zinatha zimenezo. Theka la eni akewo ali kumanda. Aliyense asunge zake m'sutikesi mwake."

"A Valentim anasunga m'sutikesi. Khoma linagwera."

"Valentim ndi ndani?"

"Anaikiza pepala kwa ababa. Ababa analandira. Choikizidwa chimabwezedwa kwa mwini wake, achimwene, inu mumadziwa bwino kuposa ine, mumakhala mzere woyamba kumzikiti pa Juma."

"Usandilalikire. Mawa munthu akadzaberedwa zinsinsi zake pa makina amenewa, apolisi adzafunsa dzina la ndani? La Saiti. Ndi langa lomwe."

Khadijah anadziwa kuti pamenepo Nabil sananame. Anatembenukira kwa a Kinsley.

"Akubawo amalowera kuti?"

"Pa intaneti. Kapena pa fulashi ya munthu wobwera."

Khadijah anawerama, n'kulowetsa dzanja kuseri kwa tebulo komwe kunali fumbi la zaka, n'kuzula waya wa buluu wochokera ku rauta. Anaupinda bwinobwino n'kuuika m'manja mwa mchimwene wake.

"Nayi intaneti yanu. Pitani nayo ku Limbe."

A Kinsley anayang'ana kudenga kuti asaseke.

"Wapenga?" anatero Nabil. "Nanga makasitomala?"

"Ofuna kutaipa ndiwataipira. Ofuna intaneti ndiwathandiza pa foni, osakhutira apite kwa a Doris pafupi ndi depoti, ali ndi makina atsopano. Fulashi ya munthu siilowanso muno."

"Ukupereka makasitomala kwa Doris chifukwa cha munda wa ku Mozambique?"

"Chifukwa cha mapepala 3,146. Ndatsegula 290. Ndikamaliza mudzafufute, ndidzakuphikirani tiyi."

Asananyamuke, a Kinsley anakopera mafayilo onse pa fulashi yatsopano n'kumupatsa Khadijah kuti asunge kunyumba. Kenako anaika khutu pa bokosi la kompyutayo kwa kanthawi.

"Mukumva kugogoda kumeneko? Disiki yatopa. Ikhoza kukhala chaka, ikhoza kufa sabata ya mawa. Muziizimitsa magetsi akayamba kuphethira."

Nabil anaima pakhomo, waya uli m'thumba la malaya. "Masabata awiri, chemwali. Pa 1 Novembala ndibwera ndi galimoto. Wamaliza usanamalize, ndidzainyamula."

"Mudzandipeza ndakhala pomwe pano."

Lolemba Khadijah anamata pepala pa chitseko: aliyense amene anasungitsa kalata kwa a Saiti abwere adzatenge. Anthu anabweradi. Mphunzitsi wina wopuma ntchito anapeza satifiketi yake ya 1987 pa nambala 733. Mayi Malita a kwa Nthache anapeza pepala la ukwati wawo pa nambala 1,105, n'kunena kuti Khadijah alisungebe, poti mwamunayo sakuyenera kukumbutsidwa. Ofuna intaneti ambiri anapitadi kwa a Doris. Magetsi anazima masiku atatu, ndipo pa masiku amenewo sipanatsegulidwe fayilo n'imodzi yomwe.

Makalata a Chipwitikizi anapezeka khumi ndi anayi. Nthawi iliyonse Khadijah ankajambula galasi ndi foni n'kutumizira Natércia, ndipo yankho linali lomwelo: si imeneyo, mana.

Lachisanu pa 31 Okutobala, Natércia anabwera yekha pa kabaza, atanyamula tomato m'jumbo. Anakhala pa benchi kuyambira masana, maso pagalasi. Kompyuta inazima yokha kawiri. Kachiwiriko inatenga mphindi makumi awiri kuti iyakenso, ikugogoda.

"Achimwene anu akubweradi mawa?" anafunsa Natércia.

"Atumiza uthenga. Akuti afika naini koloko."

"Ndiye muchita bwanji?"

"Mawa ndi Loweruka. Pa chitseko padzakhala anthu akudikira mapepala awo. Achimwene adzawauze okha kuti achoke."

Pofika faifi koloko, nthawi yotseka, Khadijah analemba nambala pa kalendala monga ankachitira tsiku lililonse. Mafayilo otsegulidwa anali 1,972. Otsala anali 1,174. Kalata ya a Valentim inali isanapezeke.