Madontho Sikisite

Pakoleji ina ya anamwino panali mphunzitsi amene ophunzira ankamutchula Dinani-Apa, chifukwa vidiyo yake iliyonse inkathera pa mawu amenewo. Ndiye anabweretsa kaphunzitsidwe kachilendo: phunziro ankalijambula mu ofesi n'kuliika pa intaneti kuti aliyense akaonere kwawo, ndipo m'kalasi munkakhala mongoyankha mafunso m'magulu ndi kugwira zipangizo. Mkulu wa dipatimenti, mdala woyenda ndi choko m'thumba la jekete, anavomera ndi pakamwa pokha. Anamuuza mosapsatira kuti chikangolakwika chimodzi, mavidiyo athera pomwepo, abwerere ku bolodi ngati anzake.

Ophunzira ambiri, tinene zoona, mavidiyowo ankawaonera m'basi pobwera, diso lina lili pa mauthenga a zibwenzi. Woonera ndi mtima wonse anali Amake Mapasa, mayi wamkulu kuposa onse m'kalasimo, amene anabwerera kusukulu ana atasiya kuyamwa. Iwo ankaimitsa vidiyo, kulemba liwu ndi liwu, kubweza, kulembanso. Pakompyuta pankaoneka kuti iliyonse aionera kanayi, ndipo Dinani-Apa ankawatchula pamisonkhano yonse mpaka aphunzitsi anzake kutopa nazo.

Tsono mu vidiyo ya kawerengedwe ka dilipi, lilime linamuterereka. Kachubu ka dilipi ya ana kamafuna madontho sikisite kuti pakwane mililita imodzi. Iye anati twente, ngati ka akulu, mpaka kulemba nambalayo ndi zilembo zikuluzikulu. Anachiona cholakwikacho m'mawa mwake. Kujambulanso kunkafuna masana athunthu, ndiye anati akonza m'kalasi Lachiwiri, vidiyo adzaisintha akapeza mpata. Lachiwiri anakonzadi, ophunzira n'kumuseka. Koma paja zengerezu analinda kwawukwawu, vidiyo ija inakhala momwemo teremu yonse. Sanalabadirenso kuti Lachiwiri limenelo mpando wa pazenera unali wopanda munthu, Amake Mapasa ali kuchipatala ndi mmodzi wa ana awo.

Mayeso a kawerengedwe ka mankhwala alibe chibale: wolephera amabwereza chaka. Pochonga, Dinani-Apa anafika pa pepala laukhondo kuposa onse, masamu ake oyenda bwinobwino, koma mafunso atatu a dilipi ya ana onse atawerengedwa ndi twente. Alesi a m'basi aja anakhoza onse. Munthu yekhayo amene anamukhulupirira ndiye anagwa.

Chimene anachita masana omwewo ndi chomwe chinkamusowetsa mtendere pambuyo pake. Anakhoma chitseko, anajambula vidiyo yatsopano yonena sikisite, n'kuiika pamalo pa yakale ija osauza munthu. Anadzinamiza kuti akuteteza a chaka chamawa. Kawiri konse anafika pakhomo la mkulu wa dipatimenti kuti akaulule; ulendo woyamba anangobwereka sitepula, wachiwiri anafunsa za mwendo umene unkamuvuta mdalayo n'kutuluka. Kunyumba mkazi wake anafunsa ngati chakudya chasowa mchere, poti ankangochigwiragwira.

Patatha masabata awiri, Amake Mapasa anagogoda pa ofesi. Anakhala kunsonga kwa mpando, kope lawo ndi envelopu zili pamiyendo.

"Aphunzitsi, ndabwera kudzapepesa. Ndakuchititsani manyazi, inu munkanditama chonchi."

Anafotokoza kuti zotsatira zitatuluka anathamangira ku vidiyo ija, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti analemba zomwe anamva. Anaipeza ikunena sikisite, momveka bwino. Anatsegula kope n'kumuonetsa: twente, twente, malo anayi, pena atadula mzere kunsi ndi bolopeni yofiira. Bambo a kunyumba, anatero, anawauza kuti asadandaule, mutu ukakula umayamba kumva zake, ndipo iwo aona kuti n'zoona. Mu envelopumo munali kalata yosiya sukulu.

"Munthu womva twente pomwe anena sikisite, kanayi konse, asayandikire mwana wa mnzake ndi dilipi. Ndingadzaphe."

Dinani-Apa anayang'ana kope lija. Chikumbumtima chinamuluma kuposa tsiku lochonga, pakuti apa anaona kuti sanangowalanda chaka, anawalandanso kudzikhulupirira. Akanangolandira envelopuyo, nkhani ikanafera mu ofesi momwemo, mavidiyo ake n'kupulumuka. Dzanja lake linafika mpaka pa tebulo kuti ailandire. Kenako pakamwa panatseguka pokha, mawu akutuluka mokakamira: anati iwo sanamve molakwa, wolakwa ndi iye, vidiyo yoyamba inkanenadi twente, ndipo imene aonerayo ndi ina.

Mayiwo sanakuwe. Anatseka kope pang'onopang'ono, n'kufunsa kuti anaisintha liti. Iye anayankha kuti tsiku lomwe anachonga pepala lawo. Anayamba kupepesa, kulonjeza kuti apita kwa mkulu wa dipatimenti lero lomwe, kuti zivute zitani awalembetsanso mayeso, koma iwo anakweza dzanja ngati poletsa mwana wolongolola.

"Wamng'ono uja akutsokomolabe," anatero. "Masabata awiri onsewa ndakhala ndikuopa kumuyezera mankhwala ndekha. Ndimakagogoda kwa aneba, katatu pa tsiku, kuti adzandionere mzere wa pa kasupuni. Ine mayi wake. Inu mukudziwa?"

Amake Mapasa anaika envelopu ija m'chikwama, anaimirira, anatsegula chitseko n'kuima pambali.

"Tsogolani, aphunzitsi. Ndikufuna ndikamve mukunena nokha."