Mtengo wa Okalamba pa Chigayo cha a Dyson

Chaka chimene mvula inadula msanga ku Zemba, a Dyson anakweza mtengo wogayitsira chimanga. Pakhoma la chigayo analembapo ndi makala kuti okalamba azilipira theka, ndipo Loweruka akazi aziwachotserako pang'ono. A Lonia, amake Ethan, kuwerenga kunkawavuta, koma za mtengo sizinkawadutsa.

"Ine wa ana asanu ndilipire zonse, gogo wa pakamwa pamodzi alipire theka? Tsankho limeneli, a Dyson!"

"Kakalambeni kaye, amake Ethan, mudzabwerenso," anayankha a Dyson, nsidze zili mbuu ndi ufa.

Za Loweruka sizinkawathandiza, poti tsiku limenelo ankakagulitsa mtedza ku msika wa Chadiza. Mphamvu zokanganirana analibenso. Koma kunyumba kunali apongozi awo, a Nabanda, a maondo otupa. A Lonia anayamba kuwakweza panjinga pamodzi ndi thumba, kuwatula pamzere wa chigayo kuti alipire theka, eni ake n'kupita kudimba. Anzawo ataona, anayamba kufika pakhomo: "Tibwerekeniko apongozi mawa," ngati akubwereka sefa.

"Ine ndatopa, mwanawe," ankatero a Nabanda.

"Tonse tatopa, amayi. Kwerani."

Tsiku lina dzuwa likuswa mtengo, a Nabanda anakomoka pamzere, atatsamira matumba a eni ake. Ku kiliniki anawaika diripi. A Dyson anatenga chiguduli chonyowa n'kufufuta za okalamba pakhomapo.

"Ndimati ndithandize, mwandisandutsa chitsiru. Aliyense mtengo umodzi!"

A Lonia anati bola, tsankho latha. Koma atapita kukagayitsa okha, anaona a Filimoni, nkhalamba yolera adzukulu amasiye, akufunsa mtengo, kenako n'kusenza kandowa kawo kubwerera nako osagayitsa. Kunyumba anapeza a Philomena, oyandikana nawo, a mu komiti yosamalira ovutika m'mudzimo, atabwera kudzazonda wodwala.

"Musandilalikire, a Philomena, ndatopa. Ndingofunsa chimodzi. Wina kulipira theka, ine zonse, si tsankho?"

"Inu anakukwezerani chifukwa ndinu a Lonia?"

"Ayi."

"Anakubwezani pakhomo?"

"Angayerekeze!"

"Mverani tsono. Si kusiyana kulikonse kumene kuli tsankho. Tsankho ndi kumukaniza munthu, kapena kumulipiritsa zambiri, chifukwa cha mtundu, mpingo, kapena poti ndi mkazi kaya mwamuna, popanda chifukwa chomveka. A Filimoni khasu linawakana kale, ganyu sangagwire. Kuwachotsera n'kuwakweza kuti afike pamene inu muli. Ndipo mukakhala ndi moyo, inunso mudzafikapo."

"Nanga za akazi Loweruka?"

"Apo mwafunsa bwino. A Kondwani akazi awo anamwalira, ana amaphikira okha. Loweruka amalipira zambiri kuposa mkazi wa mwini golosale, chifukwa chakuti ndi mwamuna basi. Dzifunseni, kuchotsera kumeneku kukuthetsa vuto lanji? Mukasowa yankho, pamenepo pali vuto."

A Nabanda anatembenuka pamphasa. "Nanga kukweza nkhalamba panjinga ngati mbuzi yogulitsa, kumeneko amati chiyani?"



M'mawa mwake a Lonia anafika kuchigayo a Dyson asanalize injini, a Philomena ali pambuyo. Sanapepese ndi mawu ambiri.

"Zinayamba ndi ine, ndizithetsanso ndine. Bwezerani za okalamba."

"Kuti mundibweretserenso agogo obwereka?"

"Ndowa imodzi, ya pakhomo pawo. Wobwera ndi thumba alipire zonse, ngakhale alibe dzino m'kamwa. Ndipo asamaime pamzere, azikhala pamthunzi."

"Dizilo mundigulira ndinu?"

"Chotsani za Loweruka, muikire pamenepo. Mukafuna kukoka anthu Loweruka, chotserani aliyense wolawirira, wa chitenje ndi wa buluku yemwe."

A Dyson anakanda mutu, anadandaula za dizilo mpaka anatopa okha, kenako anavomera. A Philomena anawonjeza kuti wina akadzaona kuti akumusala pa mtengo, afunse kaye mwini malonda, zikakanika apite ku komiti kapena ku ofesi ya khonsolo ku boma.

Sabata yomweyo a Filimoni anagayitsa, adzukulu awo anadya. A Kondwani analawirira Loweruka ndipo anawachotsera ngati wina aliyense. A Lonia analipira zonse, akung'ung'udza monga mwa masiku onse, koma apongozi awo anali kunyumba, miyendo atatambasula pakhonde.

Kuchotsera mtengo anthu amene mphamvu zawachepera si tsankho, malinga chifukwa chake chikhale chomveka ndipo chilengezedwe poyera. Kusiyanitsa anthu popanda chifukwa ndiko koyenera kufunsa. Ndipo thandizo la ofooka tikaliba ife amphamvu, amene amagona ndi njala ndi iwowo.