Botolo la Lonnie Vasko

Delmar Pruitt ndiye ankaliza lipenga pa maliro a asilikali akale m'tauni mwathu. Matauni ena amabwera ndi lipenga lonamizira, lokhala ndi kawailesi m'kati, munthu n'kungoligunditsa pamilomo. Delmar ankati chimenecho ndi chidole. Lake linali lamkuwa, lokwinyika m'mbali, ndipo ankaliliza ndi mpweya wake, ngakhale adokotala anali atamuuza kuti mapapo akutha.

Koma mwini wakeyo analibe malo m'manda a asilikaliwo. Anam'chotsa usilikali akadali mnyamata chifukwa cha mowa, ndipo chikalata chake chotulukira sichinanene kuti anatuluka mwaulemu. Popanda mawu amenewo panalibe mbendera pabokosi, panalibe lipenga, panalibenso kugona pamzere umene anagona mnzake Lonnie Vasko. Chimenecho ndicho ankafuna kuti chisinthe, mapapo asanam'gonetse.

Ine ndinam'dziwa pa maliro a mkazi wanga, amene anali namwino wa asilikali. Kuyambira pamenepo tinkadyera limodzi mazira ndi khofi Lachinayi m'mawa. Iye ankayankhula, ine ndinkamvetsera. Atandipempha kuti ndikam'chitire umboni pa mlandu wopempha kuti chikalatacho chisinthidwe, anati akufuna munthu wodziwa kuvala taye, ndipo mphunzitsi wopuma ngati ine alibe ntchito ina.

Nkhani yake inali yotere. M'gulu lawo munali mwambo: msilikali akamwalira, ankatsegula botolo la mowa pamalo pamene ankakhala podya, ndipo mnzake wapamtima ankamwa m'malo mwake. Lonnie, amene anakulira naye msewu umodzi, anafa galimoto yawo itaponda bomba. Delmar anamwa botolo la Lonnie. Kenako anzake anabwera ndi awo, iye osakana. M'mawa mwake anafika paperete akudzandira, ndipo bwana wina wamng'ono atalamula kuti botolo lopanda kanthu lija, limene Delmar analiika pabedi la Lonnie, lichotsedwe, Delmar anam'thyola chibwano. Atabwerera kwawo anamwa mpaka banja linatha. Pamene ine ndinkam'dziwa n'kuti atasiya kalekale.

Loya wake, Mayi Tessaro, ankathandiza asilikali akale mwaulere ndipo ankadziwa makutu a akuluakulu ounika milandu yotere. Anam'langiza kuti akafunsidwa za tsiku lija anene kuti akudandaula chilichonse, osasiyapo kanthu. Aonetse kandalama kachitsulo kamene gulu la osiya mowa limapereka, aweramitse mutu, akhale pansi. Delmar anavomera mofulumira kwambiri, moti ine ndinakayikira.

Tsiku la mlandu tinakhala mu ofesi ya loyayo, maso pakanema. Mbali inayo kunali akuluakulu asanu ovala yunifolomu, pakati pawo mayi wa imvi amene ankatsogolera. Delmar anali atavala jekete lake la pamaliro. Anayankha bwino za ntchito zimene anagwira, za ana ake amene anayambanso kumuimbira foni, za mpingo. Ine ndinanena zimene ndinaona: kuti m'chisanu amaima pamanda osavala magolovesi kuti zala zigwire bwino lipenga, ndiponso kuti sanajombepo. Sindinawonjezere.

Ndiye mayi wa imvi uja anafunsa ngati akudandaula kuti anamwa tsiku lija.

"Chibwano cha bwana uja ndimachidandaula, amayi," anatero Delmar. "Sanalakwe, ankagwira ntchito yake. Mabotolo otsatira aja ndimawadandaula, ndi onse amene ndinamwa kufikira mkazi wanga anachoka. Koma loyambalo linali la Lonnie. Mutandibwezera patebulo paja, ndingamwenso."

Mayi Tessaro anam'ponda phazi pansi pa tebulo.

"Mayi, mukundiponda," anatero, osatsitsa mawu.

Mmodzi wa akuluakuluwo anabisa pakamwa ndi dzanja. Wotsogolera uja sanaseke. Anafunsanso kachiwiri, pang'onopang'ono, ngati munthu wom'tsegulira chitseko, kuti mwina akutanthauza kuti lero akanam'lemekeza mnzakeyo m'njira ina. Delmar anati wamva bwino funsolo, ndipo yankho lake ndi lomwe lija.

M'galimoto pobwerera ndinamuuza kuti mawu amodzi okha akanakwanira.

"Aphunzitsi, inu munkawalola ana kukopera mayankho?"

Ndinati ayi.

"Ndiye yendetsani galimoto."

Yankho linabwera masamba atayamba kuyoyoka. Akuluakulu aja anakana. Anati pempho lake linali lamphamvu, koma sanaonetse kuti walapa kwathunthu. Mayi Tessaro anati kuli akuluakulu ena apamwamba, koma kumeneko zinthu zimachedwa, ndipo Delmar akayenera kukonza kayankhidwe kake. Delmar anati apereke pempholo, koma asayembekezere mawu atsopano. Loyayo anam'tcha mdala wamakani, iye anathokoza.

Lachinayi lotsatira anabwera ndi lipenga kumalo kodyera kuja, n'kuliika pakati pa mbale zathu. Anandikumbutsa kuti manda a tauni ndi manda a asilikali amalekanitsidwa ndi mpanda wa waya basi, ndipo malo a banja lawo ali kufupi ndi mpandawo. Kuchokera pamenepo mwala wa Lonnie umaoneka.

"Mbendera ndi yawo, aisunge," anatero. "Koma nyimbo ya pamaliro ija sangaitsekere. Tsiku la maliro anga mukaime pampanda, kukamwa kwa lipenga mukaloze kwa Lonnie."

Ndinamuuza kuti sindinagwirepo choimbira chilichonse m'moyo wanga, ndiponso kuti kuli lipenga lija la kawailesi. Anandiyang'ana ngati ndam'tukwana.

Tsopano masana alionse ndimapita kugalaja kwake. Iye amakhala pampando ndi botolo lake la mpweya wa kuchipatala, ine ndimaima ndi kufufumitsa masaya. Akuti ndimalira ngati ng'ombe yodwala, ndipo galu wa aneba amagwirizana naye. Mawu oyamba atatu a nyimboyo ndayamba kuwapeza. Apamwamba aja akundikanikabe, ndipo Delmar akuti sapita kulikonse mpaka nditawafika.