Dzanja pa Chipsera

Kuseri kwa nsanja, m'kachipinda kodzaza fungo la thukuta, mkazi wa Njanji anali kupaka mwamuna wake mafuta kachitatu. Mpikisano woonetsa minofu unali utayamba kale, ndipo gulu lake ndilo linali lotsatira.

Chaka chapitacho madokotala anamung'amba pamimba n'kuchotsa chotupa. Thupi linabwerera, koma dzanja lamanzere linazolowera kuthamangira pachipsera ngati poja ankatsokomola m'chipatala. Mkaziyo akapaka n'kutembenuka kuti atseke botolo, ankapeza zala zisanu zitadinda pamafutapo. Komatu oweruza amafuna manja onse kunkhongo, mimba ili poyera. Dzanja likatsika, miyezi yonse yonyamula zitsulo yapita pachabe.

"Abambo, mukubisa chiyani? Pali ndalama pamenepo?"

"Likupita lokha, mayi. Ndimangomva ngati pang'ambuka."

"Pang'ambuke lero? Dzana munanyamula chitsulo cholemera kuposa ine ndi apongozi anu, osang'ambuka."

Mnzake wina wa Njanji amene ankakoka mphira pakona potenthetsa minofu anaseka mpaka kutsamwa.

Mkaziyo anachotsa dzanjalo, nakanikiza chipseracho ndi chala chachikulu, mwamphamvu, kuyambira pamchombo kutsika. Bala limeneli analitsuka yekha miyezi inayi, ankalidziwa kuposa mwini wake.

"Mwamva kuwawa?"

"Ayi."

"Ndiye mlonda wanuyu ntchito yamuthera," anatero mkaziyo akuloza dzanja lija.

Atamva nambala yake, Njanji anakwera masitepe atatu opita pansanja pang'onopang'ono. Mkaziyo anasuzumira pakatani. Nkhope sanaiyang'ane n'komwe, maso ake anali pamimba. Nyimbo inatha mafuta akunyezimirabe, opanda chidindo cha chala.