Eyakoni Yopanda Nyenyezi M'chipinda cha a Tatang

Mwezi wa Malichi kuno mumzinda wathu wa Tuguegarao dzuwa silisewera, ndipo chaka chimenecho linachita kunyanya. Vuto lathu linali apongozi anga, a Tatang Sebyo, bambo ake a mwamuna wanga Rodel. Anali atadwalapo sitiroko, mwendo wamanzere unkakoka, magazi nawo ankathamanga. Ankagona m'kachipinda kakuseri, ka malata opanda siling'i. Adokotala sanapite m'mbali potiuza: "Akuluwa kutentha kukawapezeketsa, muwataya."

Rodel ndi munthu wabwino, zimenezo sindikana. Koma ali ndi nthenda imodzi: akangomva kuti chinthu chatchipa, nzeru zonse zimathawa. Tsiku lina ndikuchokera kumsika, kumene ndimaphika pansiti, chakudya chathu chonga supageti, n'kumagulitsa, ndinapeza chimakina chachikulu choziziritsira m'nyumba pakhonde, chopakidwa penti yoyera yatsopano.

"Mylene, taona! Eyakoni ya a Tatang," anatero uku akuchisisita. "Yachokera m'hotela ina imene inatsekedwa. Yamphamvutu iyi, ingaziziritse tchalitchi chonse."

"Nanga ife tikukhala m'tchalitchi? Sitika yachikasu ija imakhala pa za m'sitolo ili kuti?"

"Aaa, iwenso! Wogulitsa wati kapepala kaja amangomata kuti akweze mtengo. Kodi chimaziziritsa nyumba ndi pepala?"

Chipinda cha a Tatang chinali ndi zenera limodzi lokha, la malova agalasi. Rodel anazula malova onse, n'kulowetsa chimakinacho pazenerapo monga amachitira aliyense mumsewu mwathu. M'mbali monse anakhomamo matabwa, timipata n'kutsekamo nsanza kuti mphepo yozizira isathawe. Chitayatsidwa chinalira ngati chigayo, koma kuzizira kokha kunabwera. A Tatang anamwetulira, ifenso mitima inakhala pansi.

Bilu ya magetsi itabwera, ndinakhala pansi osafuna. Inameza zonse zimene ndinapeza pa pansiti mwezi wathunthu. Tinakangana m'khitchini, ine ndi Rodel, mpaka nkhuku za aneba zinabalalika.

"Ndi chimakina chako chija! Ndinanena ine!"

"Ndiye umati nditani, ndiwasiye bambo anga apse? Kusunga wodwala n'kodula, Mylene. Tizingopirira basi."

Pakati pa khitchini ndi chipinda chawo pali thabwa lopyapyala. A Tatang anamva zonse. Iwo ndi munthu amene walima chimanga moyo wake wonse osapemphapo kanthu kwa munthu, ndipo manyazi oti akulemetsa ana ake ankawawawa kuposa mwendo. Pa chakudya chamadzulo anangoti, "Makinawa ndi abwino, ana anga. Ndikugona ngati khanda."

Kuyambira tsiku limenelo, tikangochoka m'mawa, ankadzikoka mpaka pazenera n'kuzimitsa. Chitseko ankachitseka kuti kakuzizira kotsalako kasatuluke. Madzulo akamva kulira kwa njinga yamoto ya Rodel, imene amanyamulira anthu, ankayatsanso. Ife sitinkadziwa kanthu. Tsiku lonse nkhalamba yodwala inkakhala m'bokosi la malata lopanda zenera.

Tsiku lina gasi anandithera kumsika dzuwa lili paliwombo, ndiye ndinabwerera kunyumba. Ndinapeza kuli zii, chigayo chija osalira. Nditakankha chitseko, mpweya unandiwomba kumaso ngati ndatsegula uvuni. A Tatang anali gone pansi pafupi ndi bedi. Khungu lawo linali lotentha, louma gwa, lopanda ndi kadontho komwe ka thukuta. Ankaitana dzina la akazi awo amene anamwalira kalekale.

Ndinakuwa, mayo ine, ndinakuwa mpaka mawu anasasa. Amene anathamangira kwathu anali a Manang Norma Baccay, mlangizi wa zaumoyo wa dera lathu, amene amakhala kutsidya kwa msewu.

"Siya kulira, gwira miyendo! Tiwatulutsire pamthunzi," anandikalipira. "Tenga madzi ndi nsalu. Nyowetsa thupi lonse. Ayezi ali m'firijimo mukulunge, uike m'khwapa ndi m'khosi. Usawamwetse kanthu, angatsamwe. Kupiza ndi katoniyo, kupiza!"

Anaimitsa njinga yamoto yokhala ndi kangolo kambali imene inayamba kudutsa, ndipo tinathamangira kuchipatala ndikuwakupizabe. Rodel anatipeza konko, nkhope ili mbuu. Adokotala anati moyo wapulumuka, koma impso zavulala, ndipo mwendo umene unali wabwino uja nawo wafooka. Munthu amene ankadziyendera yekha kupita kuchimbudzi tsopano ankafunika kunyamulidwa. A Tatang atatsitsimuka, Rodel anawafunsa chifukwa chimene anazimitsira makinawo. A Tatang anayang'ana kukhoma.

"Ndimati ndikuthandizeniko," anatero.

Iwo akadali m'chipatala, a Manang Norma anabwera kunyumba. Analowa m'kachipinda kaja, n'kuchizungulira chimakinacho, n'kupala pentiyo ndi chikhadabo. Pansi pake panali dzimbiri lokhalokha.

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere," anatero. "Rodel, mchimwene wanga, ichi ndi chakale kuposa ukwati wako. Sitika yake ili kuti?"

"Manang, sitika ingakhale ndi ntchito yanji? Ine ndimafuna chotchipa."

"Chotchipa tsiku logula, inde. Nanga masiku ena onsewo? Tamvera. Sitika yachikasu ija si yokometsera. Imasonyeza kuti makinawo anayesedwa motsatira malamulo a boma. Pamwamba pake pamakhala nyenyezi, kuyambira imodzi mpaka zisanu. Nyenyezi zikachuluka, ndiye kuti makinawo amaziziritsa chimodzimodzi koma akudya magetsi ochepa. Pomwepo amalembanso magetsi amene angathe pa mwezi. Ukaika masitika awiri pafupi, umadzionera wekha amene adzakudye."

"Nanga ngati wogulitsa wangomata yabodza?" ndinafunsa.

"Funso labwino. Dzina ndi nambala ya makina zimene zili pasitika zifanane ndi zimene zalembedwa pa makinawo. Palinso kabokosi ka timadontho kamene umajambula ndi foni, n'kuona ngati makinawo analembetsedwadi. Akakuuza kuti sitika inamatuka, iwe nyamuka uzipita."

Rodel anayesa kudziteteza. "Komatu ichi n'champhamvu, Manang."

"Champhamvu cha chiyani m'kachipinda aka? Chachikulu mopitirira chimangoyaka n'kuzima, kuyaka n'kuzima, ndipo n'chakale, ndiye chimameza magetsi ngati chili ndi njala. Yeza chipinda, ukawauze a m'sitolo akupatse chokwanira. Ufunse za inveta. Zimenezo zikaziziritsa zimangochepetsa mphamvu n'kumayenda pang'onopang'ono. Uike pa madigiri 25, osati kuzizira kwa m'mochale ayi. Sefa yake uzitsuka kawirikawiri." Kenako analoza matabwa aja, mawu awo n'kulimba. "Koma ichi ndiye chimene chikanawapha. Zenera limodzi lokhali iwe n'kulikhomerera? Magetsi akazima masana, monga amachitira kuno, munthu apumira kuti? Mumsewu muno mokha nyumba zotere zilipo zambiri, ndipo ndikaziyendera zonse."

Rodel ananyamuka. Anatenga hamala n'kuyamba kuzula misomali, misozi ikutsika.

Ndalama tinalibe. Amayi anzanga a kumsika tili ndi chipereganyo, ndipo atamva nkhaniyi anagwirizana kuti ulendo umenewo ndilandire ine ngakhale sinali nthawi yanga. Tinapita kusitolo, Rodel atalemba kukula kwa chipinda padzanja. Wogulitsa anatikokera pa makina ena aakulu a nyenyezi ziwiri.

"Bwana, awa ndiye otsika mtengo, ndikupatsaninso fani yaulere."

"Ndapsa kale, m'bale wanga," anatero Rodel. "Fani yakoyo ukapatse apongozi ako. Ndionetse a nyenyezi zisanu, aang'ono, a inveta."

Ndinamuyang'ana kawiri ngati si mwamuna wanga. Anawerenga sitika iliyonse, anajambula kabokosi kaja ndi foni, anafananiza manambala mpaka wogulitsa anayamba kuyasamula. Mmisiri anaboola khoma pambali n'kuikapo makinawo, malova anabwerera pazenera, ndipo kudenga tinaikako siling'i ya matabwa.

A Tatang anabwera kunyumba atawonda, ali pa njinga ya odwala. Ataona makina atsopano nkhope inagwa.

"Mwagulanso ena? Zimitsani, chonde. Ine fani indikwanira."

"Sitizimitsa, Tatang," anatero Rodel.

"Mwana iwe, ndakhala kale moyo wanga. Inu muli ndi mawa."

Mwezi umenewo unali wowawa. Tsopano sakanatha kudzizimitsira okha, ndiye anayamba kuchepetsa zina. Mpunga ankasiya theka. Mankhwala ankati amwa mawa. Ndinasiya kupita kumsika masana kuti ndiziwayang'anira, ndipo nthawi zonse ndikalowa ndinkawapeza akuyang'ana makinawo ngati akuyang'ana mdani. Ndinkaopa kuti munthu amene tamulanditsa ku dzuwa atithawa ndi njala yodzipatsa yekha. Ndinakawadandaulira a Manang Norma.

"Mawu sangawatembenuze amenewo," anandiuza. "Bilu ikabwera, musaiwerengere kukhitchini. Muwapatse awerenge okha."

Inabwera kumayambiriro kwa Juni, kutentha kusanathe. Rodel sanaitsegule n'komwe. Anaitengera kuchipinda pamodzi ndi yakale ija, n'kuwaveka bambo ake magalasi. Ine ndinaima pakhomo mtima uli m'mwamba. A Tatang anayendetsa chala pa yakale, kenako pa yatsopano. Makina anali atayenda usana ndi usiku mwezi wonse, koma yatsopanoyo sinafike ndi theka lomwe la yakale ija. Anawerenganso kachiwiri. Kenako anavula magalasi n'kuyang'ana mwana wawo.

"Ndiye kuti ndikhoza kukhalako ndithu?"

Rodel anagwada pafupi ndi bedi n'kubisa nkhope m'manja mwa bambo ake. Ine ndinathawira kukhitchini, chifukwa kulira kwanga n'kwaphokoso. Patapita kanthawi ndinamva a Tatang akuitana: "Mylene, mwana wanga, pansiti watsalako? Uikepo ndi dzira."

Lero a Tatang alipo, akudya, akumwa mankhwala, ndipo makina sazimitsidwa masana. Koma sadzayendanso, ndipo kuchipatala cha impso sitidzasiya kupitako. Zimenezi zikanapeweka.

Anzanga, pogula eyakoni musayang'ane mtengo wokha. Funani sitika yachikasu, werengani nyenyezi, sankhani zambiri, ndipo makina opanda sitika asiyeni ngakhale awale bwanji. Gulani okwanira chipinda chanu, ndipo musatseke zenera lomaliza. Makina odya magetsi ambiri amafika poti wina m'nyumba amawazimitsa mwakachetechete, ndipo kawirikawiri wozimitsayo ndi yemwe amawafuna kwambiri kuti akhale moyo.