Zovinira za Apongozi

Sutikesi ija inakhala pamwamba pa wadiropu kuyambira pomwe apongozi anga anamwalira, ndipo palibe anandiuzapo kuti isatsegulidwe. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa pambuyo pake aliyense ankayankhula ngati panali chikwangwani.

Mwana wanga Keziya ali Fomu 4. Anamusankha kuti atsogolere vimbuza pa mpikisano wa magule wa masukulu a mumzinda muno, ndipo sabata yonse anandisowetsa mtendere. Aphunzitsi akufuna mangenjeza a m'miyendo. Aphunzitsi akufuna litchowa. Aphunzitsi akuti masukulu ena ali ndi zenizeni, ife tikuvinira zitini zoikamo timiyala. Ine ndimaweruka mumsika miyendo itatupa, tsiku lonse ndaima pa benchi ya kaunjika kulimbana ndi anthu ofuna jekete pa mtengo wa sokosi. Ndiye ndifike kunyumba ku Katawa ndiyambenso kusaka mangenjeza? Ndinakwera pampando, ndinatsitsa sutikesi. Munali zonse: mazamba (lamba wa timizere ta zikopa uja amamanga m'chiuno), mangenjeza akuda ndi dzimbiri, litchowa, ndi mkanda woyera. Zinkanunkha utsi ndi chinyezi.

“Tenga,” ndinatero. “Ukabweze mmene wazipezera.”

Ine kwathu ndi ku Ntcheu. Kwathu chishango cha agogo mdzukulu amavinira ngoma, palibe amafunsa. Bambo ake a Keziya, a Zebedee, anali pamsewu ndi thiraki, ndiye panalibenso womufunsa.

Loweruka kunacha ndi kamvula ka Mzuzu kaja kosadziwika ngati ikugwa kapena ikungoyendayenda. Ndinamusiyira benchi mnzanga, ndinakwera kabaza. Holo ya pasukulupo inali itadzaza kale, fungo la majuzi onyowa lili thoo, ana asukulu ena atakwera m'mawindo. Ndikusaka poima, ndinamva mawu:

“Anyina Keziya! Kuno, ndakusungirani malo.”

Anali a Hilda, achemwali awo a amuna anga, okhala ku Geisha, konkuno ku Mzuzu. Alamu angawa si munthu wamba. Amagwira ntchito mu ofesi, amavala magalasi, kutchalitchi ndi a kwaya. Koma kwa anthu a amuna anga mwana ndi wa kuchimuna, ndipo ankhazi, azakhali a mwanayo, akanena anena. Ngakhale a Zebedee, ndi mimba yawo yonse ija, akamayankhula ndi achemwali awo amangoti yewo, yewo.

“Monire, alamu.”

“Monire. Mwachedwa chomene. Malipenga adutsa.”

Kunabwera sukulu ina ndi gule wa chilimika, azimayi a ku Nkhata Bay kumbuyo kwathu anatsala pang'ono kuthyola mabenchi. Kenako anaitana sukulu yathu. Anyamata a ng'oma anakhala pansi, atsikana analowa akuomba m'manja, ndipo pomaliza anatulukira Keziya.

Ndisaname, ankaoneka bwino. Nkhope atapaka ufa, litchowa m'manja, mangenjeza akulira mawu akuya osafanana ndi zitini zija. Holo yonse inakuwa. Ndinatembenuka kuti ndiwauze alamu kuti onani mwana wanu, ndinapeza atavula magalasi.

“Zija wavala Keziya mwazitenga kuti?”

“M'sutikesi.”

“Sutikesi iti?”

“Alamu, m'nyumba mwathu muja muli masutikesi angati?”

“Chiuta wane.” Anandigwira pamkono, zikhadabo zinalowa. “Mwamuveka mwana zinthu za amama? Amama ankavinira matenda, anyina Keziya, osati chikho cha sukulu. Tinazisiya kwanu poyembekeza kuti tipite nazo kumudzi. Vimbuza vya amama sivinapite nawo kumanda. Vikufuna munthu.”

“Bwanji simunanene?”

“Zimenezi amachita kunena? Aliyense amadziwa.”

Aliyense kupatula ine. Ng'oma zinali zikukwera, Keziya akugwedeza mapewa, mazamba akuuluka.

“Ndikuuzeni,” anatero a Hilda, maso ali kusiteji. “Akagwa pamenepo, ndikumutenga lero lomwe. Kumudzi nchimi, sing'anga amene ankawathandiza amama, akadalipo.”

“Mwanayu mayeso ali pafupi.”

“Mayeso chaka chamawa aliponso.”

Mawu amenewo ndinawamvapo kale. Mwana wa msuweni wawo anamutenga chimodzimodzi ali Fomu 3, akuti kwa kanthawi kochepa. Panopa ali konko, akubereka ana, yunifolomu anaidula matewera. Ine ndanyamula mabelo pamutu kuti Keziya afike pomwe wafikapa. Ndinachotsa dzanja lawo pamkono panga, ndinaimirira.

Kudutsa m'holo yodzaza ana a sekondale ndi ntchito. Ndinaponda mapazi a anthu, wina anandinena kuti amayi inu khalani pansi mukutitchinga. Kutsogolo kamtsikana kovala tayi ya upurifekiti kanatambasula manja.

“Makolo saloledwa kupitirira apa, madamu.”

“Iwe, ndinabereka ine kapena iwe?”

Kanachoka. Pambali pa siteji panaima a Overtoun, mphunzitsi amene amawaphunzitsa gule, wenzulo ili m'khosi, akuvina ndi mutu wokha.

“Aphunzitsi, muuzeni Keziya asagwe.”

“Ah, mayi a Keziya! Yewo chomene zovinira zija. Mwaona mmene majaji akulembera?”

“Ndati muuzeni asagwe.”

“Kugwa kulipo ndithu, ndinakonza ndine. Ndi pomwe pali mamalikisi. Agwa, ng'oma zisintha, adzuka, amaliza. Musadandaule.”

“Lero asagwe. Imbani wenzuloyo.”

“Pakati pa gule? Mayi, akatichotsa mumpikisano ana awa andidya wamoyo.”

Tikulimbana choncho, Keziya anazungulira kawiri, anaponya litchowa, n'kugwa chafufumimba. Mangenjeza anati wee pa simenti. Holo inaphulika. A Overtoun anandiyang'ana ngati akuti mwaona?

Ng'oma zinasintha. Atsikana anasintha nyimbo, anayamba kumuzungulira.

Keziya sanadzuke.

Anazunguliranso. Mmodzi anamukhudza ndi phazi mobisa. Mwana ali gone, manja onse ali pansi pa mimba, msana ukunjenjemera. A Overtoun anasiya kugwedeza mutu.

“Dzuka, Keziya,” anatero chapansipansi. “Dzuka, iwe.”

Kumawindo kuja wina anakuwa kuti, “Zamugwira!” Ena anatengera. “Zamugwira! Zenizeni!” Mafoni anakwera m'mwamba holo yonse. A Overtoun anakweza dzanja kuti ng'oma zisiye, koma mawu a a Hilda anadula phokoso lonse lija. Sindinadziwe kuti anali atafika kale kumbuyo kwanga.

“Yayi! Ng'oma zisasiye! Mukasiya pakati mumupweteka mwana!”

Anyamata a ng'oma anayang'ana aphunzitsi, anayang'ana a Hilda. Wina anasiya, awiri anapitiriza, zinayamba kumveka ngati galimoto yokana kulira. A Hilda anali ataika kale foni pakhutu.

“Zebedee? Imika galimotoyo, ndikuuze. Vya amama vyamutola mwana.”

Siteji ija ndi yaitali ndipo mawondo anga si a mtsikana, koma ndinakwera, sindikudziwa bwanji. Ndinakankha atsikana aja, ndinagwada. Simenti inali yozizira. Ine za vimbuza sindizidziwa, koma ndinali nditamuveka ndekha zinthu zimenezo, ndipo pamenepo ndinaopa. Ndinaika dzanja pakhosi pake. Panali potentha, thukuta lokhalokha.

“Keziya. Ndine mayi ako.”

Ndinamugwedeza paphewa.

“Keziya, ukundimva?”

Anatembenuza nkhope pang'ono. Ufa uja unali utasanduka phala ndi misozi. Maso anali akeake, omwe aja amandiyang'ana nawo ndikamutuma madzi.

“Amayi,” ananong'ona, “chingwe chaduka.”

“Chingwe chanji?”

“Cha mazamba. Nsalu ndinaipanira momwemo. Zonse zamasuka. Ndikadzuka zigwa.”

Ndinapisa dzanja pansi pake. Zoona. Chingwe chachikopa chija chinali chitafumbwa, chinaduka pomwe anagwera, ndipo kansalu kakafupi kamene anavala kanali m'manja mwake, atakafumbata pamimba. Mkati anali ndi kakabudula kamkati kokha. Kutsogolo mafoni, kumbuyo anyamata a ng'oma.

Ndinapuma. Ndinafuna kuseka, ndinafunanso kumumenya.

“Ndiye wangogona? Ankhazi ako akuimbira bambo ako. Akuti akutenge kumudzi lero.”

“Anene choncho bola.”

“Wati chiyani?”

“Anene kuti ndi vimbuza. Mundinyamule mupite nane panja. Chonde, amayi, musanene za nsalu. Ajambula. Lolemba sindingabwere kuno.”

“Ukatuluka muno atakunyamula, Lolemba sudzabweradi.”

“Amayi, chonde.”

Mwana ankalira zenizeni. Ndikanatha kuchita zomwe ankafuna. Ndikanamufunditsa, a Overtoun n'kumunyamula, manyazi ake n'kubisika. Koma anthu odzaza holo akanatuluka akudziwa kuti mwana wa a Zebedee vimbuza zinamugwira, ndipo zimene ndikananena ine m'nyumba madzulo ake palibe akanazimva. Mlamu wa ku Ntcheu angadziwe chiyani?

Ndinamasula chitenje changa, ndinamufunditsa kuyambira m'chiuno. Ndinapisa manja, ndinachikulunga, ndinamanga mfundo ziwiri zolimba ngati ndikumanga belo. Kenako ndinasolola mazamba aja, ndinaimirira nawo, ndinawakweza m'mwamba, mbali yodukayo ikulendewera.

“Alamu!” ndinakuwa. “Chingwe chaduka! Nsalu inamasuka, n'chifukwa chake sanadzuke. Palibe chamugwira!”

Holo inagwa ndi phwete. Anyamata kumawindo anaimba malikhweru. Wina anakuwa dzina la Keziya motalikitsa, anzake n'kumaseka. Pansi apo mwana wanga anabisa nkhope m'manja.

A Hilda sanaseke. Foni inali ikadali pakhutu.

“Wogwidwa amayankhula, anyina Keziya. Amatha kunena chilichonse. Mutsitseni kuno.”

Ndinagwadanso.

“Tamvera. Dzuka uvine.”

“Sindingathe. Mwandichititsa manyazi.”

“Manyazi achitika kale, atha. Dzuka uvine, ndipo ng'oma zikasiya iwenso usiye pomwepo. Osawonjeza ngakhale phewa limodzi. Ankhazi ako aone kuti thupi ndi lako.”

“Ndimakudani.”

“Udane nane utaimirira.”

Ndinamukoka pamkono. Anadzuka, chitenje changa cha maluwa chikumufika m'mapazi. Ndinamuvula mkanda woyera uja, mangenjeza ndinalibe nthawi yomasula. Ndinayang'ana anyamata a ng'oma.

“Inu, mukudikira tiyi? Imbani!”

Anaimba. Poyamba Keziya ankangosuntha mapazi, mutu uli pansi, malikhweru akupitirira. Atsikana anzake anayamba kuomba m'manja mwamphamvu, mmodzi anatola litchowa n'kumupatsa. Kenako ukali unamukwera. Anavina ngati akufuna kuboola simenti, mapewa akuthamanga, mangenjeza akulira, mpaka oseka aja anasiya. Ine ndinaima pakona ya siteji ndi siketi yanga yakumsika, mazamba ali m'manja, ndipo mantha anandibwereranso. Kuvina kumeneko sindinamuonepo akuvina kunyumba. A Hilda anali atayandikira mpaka kugwira m'mphepete mwa siteji, milomo ikuyenda.

Ndinawapatsa a Overtoun chizindikiro. Wenzulo inalira. Ng'oma zinati zii.

Keziya anaima. Phazi limodzi linali m'mwamba, analitsitsa pang'onopang'ono kuti ngakhale ngenjeza limodzi lisalire. Anaima chilili, akupuma mofulumira, akuyang'ana ankhazi ake m'maso.

Sindinamve ngati anthu anaomba m'manja. Ndinkayang'ana foni ya a Hilda. Anaichotsa pakhutu, anaiyang'ana, anaibwezeranso.

“Zebedee, yendetsa galimoto. Ndikuimbiranso.”

Kuseri kwa holo, pakhonde la makalasi, a Hilda anagwada okha kumasula mangenjeza m'miyendo ya Keziya. Sanalole kuti ine ndigwirenso. Anaika zonse m'jumbo, anamanga, anazifumbata pachifuwa. Kenako anamugwira Keziya chibwano, anamuyang'ana nthawi yaitali.

“Ndine ndani ine?”

“Ankhazi a Hilda.”

“Mutu ukupweteka? Ukumva nyimbo m'makutu?”

“Ayi. Ndikumva njala.”

Anamusiya. Anatembenukira kwa ine.

“Nanga chingwecho wadula ndani?”

“Chinyezi cha Mzuzu, alamu. Chimadya ndi nsapato zomwe.”

“Inu mumayankha msanga.” Anavala magalasi. “Izi ndikupita nazo kumudzi ndekha. Mwanayu akayamba kulota, kapena kudwala mutu, mundiuze tsiku lomwelo. Osandibisira.”

“Ndidzakuuzani.”

Anapita osatsanzika, jumbo ili pachifuwa. Ndinawayang'ana mpaka anatuluka pageti, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti mawondo anga anasupuka pokwera siteji paja.

Za chikho sitinadikire. Keziya anakavala yunifolomu, anandiponyera chitenje changa osandiyang'ana, anatsogola. Pageti anyamata awiri anayamba kuseka, mmodzi akugwira lamba wa buluku lake ngati likugwa. Ndinawayang'ana, anakumbukira kuti ali ndi kopita. Kamvula kanali kakadalipo. Pamsewu ndinaimitsa kabaza, ndinasunthira kutsogolo kuti tikwanepo awiri.

“Ndikwera yanga,” anatero Keziya, akuyang'ana kumbali.

“Kwera,” ndinatero. “Bola ikakutsitse ku Katawa.”