Wotchi Aphunzira Kuchedwa

Wotchi analowa m'dziko muno mu Julayi, zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, atabisala pakati pa matumba a simenti m'lole. Analibe pasipoti, ndipo mpaka lero alibe chilolezo chokhalira kuno. Chaka chotsatira anakwatira mayi wina woluka tsitsi, mbadwa ya mumzinda uno. Loya wa bungwe lothandiza anthu obwera anawafotokozera kuti ukwati pawokha sukwanira: Wotchi anayenera kutuluka kaye n'kukapemphera chilolezo kwawo, ndipo munthu wolowa mozemba akatuluka saloledwa kubwerera kwa zaka zisanu. Nthawi imeneyo mkazi wake anali woyembekezera. Nkhaniyo inathera pomwepo.

Ntchito anaipeza ndi chitupa cha mlamu wake. Mlamuyo ana ankamutcha Malume, mpaka akuluakulu omwe anazolowera, ndipo ankakhala pa sofa wa pabalaza kuyambira chaka chimene analengeza kuti msana wamuvuta. Chithunzi cha pachitupacho anajambulitsa ali mnyamata, ndipo chinafufuta moti chikanafanana ndi aliyense wa makutu awiri. Choncho pafakitale yochapa nsalu za mahotela ndi zipatala, Wotchi ankayankha dzina la mlamu wake. Msonkho ankadulidwa m'dzina limenelo, penshoni inkasonkhananso m'dzina lomwelo. Loti Wotchi anamupatsa ndi mlonda wa pageti, amene ankati akamuona akukhota pakona safunikanso kuyang'ana padzanja.

"Boma limandidziwa ngati munthu wakhama," ankatero Malume, miyendo ili pa tebulo. "Musandiwonongere mbiri, alamu."

Vuto linabwera Lolemba loyamba la Okutobala. Abwana anaitanira Wotchi mu ofesi n'kumuuza kuti kapitawo akupuma pantchito kumapeto kwa mwezi, ndipo iwo asankha iyeyo.

"Chatsala n'chaching'ono," anatero abwana. "Kapitawo amalowa m'zipinda za m'zipatala, ndiye amayenera kukadinda zala ku ofesi ya boma kuti aone ngati alibe mlandu. Si zochedwetsa."

Wotchi anathokoza. Potuluka anapisa manja m'matumba. Zala zake sizinali za Malume, ndipo makina a boma sanyengedwa ndi chithunzi chofufuta.

Madzulo anadikira kuti kasitomala womaliza wa mkazi wake achoke, ana anawatuma kukagula machesi, ndiyeno anafotokoza.

"Ingokanani, bambo a ana," anatero mkazi wake akusonkhanitsa tsitsi lotsala pansi.

"Ndani amakana kukwezedwa? Afunsa chifukwa. Akangoyamba kufunsa, basi."

"Ndiye siyani ntchitoyo."

"Lendi tilipire ndi chiyani? Ndi chipeso chanucho?"

Apa Malume anachita chinthu chimene sankachita kawirikawiri masana kapena madzulo: anakhala tsonga.

"Musakane, musasiyenso. Abwanawo akukaneni okha."

"Andikane bwanji?"

"Alamu, vuto lanu ndi limodzi. Mumagwira ntchito ngati fakitaleyo anakusiyirani bambo anu. Mwezi umodzi wokha, khalani ine."

Mkazi wa Wotchi anaseka mpaka anagwira khoma. "Achimwene, tsiku lanu lakwana! Zaka zonsezi ndimadzifunsa kuti Mulungu anakulengerani chiyani."

"Seka, chemwali. Luso ili sanandiphunzitse munthu."

Phunziro loyamba linali la kuchedwa. M'mawa Malume anabisa nsapato za Wotchi pansi pa khushoni n'kuzikhalira. Wotchi anaima pakhomo atavala yunifolomu, kumapazi kuli masokosi okha, akutuluka thukuta ngati munthu wodikira jakisoni. Atapatsidwa nsapatozo ananyamuka, n'kukafika pageti belu lisanalire.

"Munathamanga?" anafunsa Malume madzulo.

"Ndinangofulumira pang'ono."

"Munthu wochedwa safulumira. Amaima n'kuwerenga zikwangwani. Amapatsa moni anthu oti sakuwadziwa, n'kufunsanso za kunyumba."

Phunziro lachiwiri linali la kutsamira khoma. Anayeserera kukhitchini, ana akuonerera, poganiza kuti ndi masewera.

"Ayi, ayi! Inu mukulichirikiza khomalo kuti lisagwe. Lisiyeni likunyamuleni. Maondo afewe. Maso aziyang'ana kutali ngati mukukumbukira maliro akale."

Lachitatu linali losavuta kulinena: akakuitanani, yankhani kuti "ndikubwera" mokoma, ndipo musapite.

Wotchi anayesetsa ndithu. Sabata yachiwiri anachedwa masiku onse. Mlonda anamufunsa ngati kunyumba kuli matenda. Abwana anamupeza atatsamira makina oumitsira nsalu, anamuyang'ana mwachisoni n'kunena kuti, "Mwatopa. Ukapitawo ukupumitsani zonyamulanyamulazi." Masana anamutumizira mapiritsi a mutu.

Pafakitalepo panali mayi wina wa pamakina ositira, amene onse ankamutcha Mayi Nthunzi. Anali atagwira zaka khumi ndi zinayi, mwamuna wake anamwalira, ndipo ankalera ana atatu. Pakamwa pake panali pakuthwa. Nthawi ya nkhomaliro ankakonda kunena za kafakitale ka kuseri kwa msewu, kamene kankalemba anthu obwera opanda mapepala n'kumawalipira theka.

"Mahotela akuthamangira kumeneko chifukwa n'kotchipa," ankatero. "Ndiye ife malipiro akwere bwanji? Awagwire onse, awakweze lole."

Zimene ankanena za malipirozo zinali zoona, ndipo Wotchi ankadziwa. Ankangodya buledi wake mwakachetechete. Ankadziwanso kuti iye akalephera, ukapitawo ugwera mayi ameneyu.

Sabata yachitatu itayamba, abwana anatchula tsiku lokadinda zala: Lachisanu. Usiku wake Malume sanachite nthabwala.

"Kuchedwa sikukugwira. Anthu aja amakukondani mopitirira. Pakufunika cholakwa chooneka ndi maso, choti abwana chiwawawe koma asakuchotseni."

Wotchi ankachidziwa cholakwacho, chifukwa kwa zaka zisanu ndi zitatu ntchito yake inali yochipewa.

"Nsalu yofiira ya patebulo, yatsopano, ikalowa m'madzi otentha pamodzi ndi matawulo oyera," anatero motsitsa mawu. "Koma a hotela. Za odwala sindikhudza."

"Mukwanitsa?" anafunsa mkazi wake.

"Nanga pali china?"

Lachinayi m'mawa anadzaza makina aakulu ndi matawulo a hotela. Anatenga nsalu yofiira m'dengu la zamitundu. Manja ake, mwachizolowezi, anaikutumula n'kuipinda bwinobwino, m'mphepete mofanana. Anaima nayo pang'ono. Kenako anailowetsa pakati pa matawulo, anatseka chitseko n'kutsegula madzi otentha. Sanachoke. Anaonerera pagalasi thovu likusintha mtundu.

Matawulo onse anatuluka apinki. Abwana anatsika mu ofesi, ananyamula limodzi n'kuliyang'ana mbali zonse. Sanakalipe, ndipo Wotchi akanakonda akanakalipa.

"Ngakhale munthu woyamba lero sangachite zimenezi," anatero abwana. "Ndinkakudalirani. Za Lachisanu zija muiwale."

Anapatsidwa chenjezo. Ntchito sanachotsedwe.

Kunyumba mkazi wake anagula zoziziritsa kukhosi ndi mabisiketi. Ana anafunsa kuti kuli chisangalalo chanji, ndipo anauzidwa kuti bambo awo akhoza mayeso. Malume anaimirira, msana uli gwa, botolo m'mwamba.

"Mwa ophunzira anga onse, uyu ndiye anali mbuli kwambiri. Koma taonani lero! Dzina langa labwerera mwakale."

Wotchi anamwetulira pang'ono, koma botolo lake silinatsike. Mkazi wake anasendera pafupi n'kuyamba kumukanda m'khosi ndi zala zake zolimba zolukira tsitsi.

"Zikukuwawani."

"Anali matawulo abwino, mayi. Atsopano."

"Ndikudziwa. Imwani, chikutentha."

Malume anakhala pansi, ndipo patapita kanthawi anakankhira mabisiketi ake kwa mlamu wake, chinthu chimene m'nyumbamo chinali chisanaonekepo. Kenako analamula kuti Wotchi azichedwabe pang'ono mpaka Disembala, kuopa kuti abwana angasinthe maganizo.

Mayi Nthunzi anakadinda zala, ndipo pa 1 Novembala anayamba ukapitawo. Tsiku lomwelo, Wotchi atalowa mochedwa monga analangizidwa, mayiyo anamukodola n'kupita naye kuseri kwa makina oumitsira, kumene phokoso limabisa mawu.

"Ndinakuonani tsiku lija," anatero. "Nsalu ija munayamba mwaipinda. Munthu wolakwitsa sapinda."

Wotchi anaganiza za lole, za ana ake, za nkhani za pankhomaliro zija. Anatsegula pakamwa.

"Ayi, musandiuze," anatero Mayi Nthunzi atakweza dzanja. "Sindinakufunseni. Pakamwa pangapa ndimapadziwa ndekha, chimene chalowa m'khutu sichigona. Ine ndikudziwa zoti mwana wanga wamkulu abwerera kusukulu mu Januwale. Zinazo ndi zanu."

"Zikomo, mayi."

"Musathokoze, sindinathe. Ine antchito aulesi sindiwafuna. Zotsamira makomazi zithe lero, simukuzithanso n'komwe, mumaoneka ngati mwabanika. Mawa ndikupezeni pano nthawi yanu ija."

"Alamu anga anati ndizichedwa mpaka Disembala."

"Alamu anu? Amagwira kuti alamu anuwo?"

Wotchi anayang'ana pansi. "Amakhala pakhomo. Msana."

"Ndiye mukawauze kuti kapitawo wakana. Tiyeni, mabedishiti a kuchipatala afika kalekale."

Wotchi anapita kukakoka ngolo ya mabedishitiwo. Anayamba ndi kuyenda pang'onopang'ono monga anaphunzitsidwa, koma asanafike pakati pa chipindacho miyendo inali itabwerera pa liwiro lake.